Musanachotsetse mita ya kiyi, mvetsani kaye direct debit

Mwezi uno wokha anthu anayi andiuza mawu amodzimodzi: "Ndachotsetsa mita ya kiyi ija, panopa ndikungolipira £95 pamwezi basi." Mita ya kiyi ndi ija yolipiriratu, yoyamba mwaika ndalama pa kiyi kuti magetsi ayake. Liwu loti "basi" limenelo ndi lomwe limandiwawitsa mutu. Ntchito yanga kuno ku England ndi yolangiza anthu pa nkhani za mabilu ndi ngongole za magetsi ndi gasi, ndipo ambiri amene amabwera atanyamula mulu wa makalata osatsegula anayamba ndi mawu omwewo.

£95 imeneyo ndi ya direct debit, njira imene kampani imadula yokha ndalama ku akaunti yanu yakubanki mwezi uliwonse, ndipo kuchuluka kwake kampaniyo yangoyerekeza. Yaona kuti nyumba ngati yanuyo ingagwiritse ntchito zochuluka bwanji pa chaka, n'kugawa pa miyezi 12. Mita ikuwerengabe yuniti iliyonse. M'miyezi yotentha mumalipira zoposa zimene mwagwiritsa ntchito, ndalama yotsalayo n'kudzakuthandizani mu January. Mukayamba direct debit mu October mulibe chosungira chilichonse, ndiye kuti ngongole yayamba mwezi woyamba womwewo. Ambirife tinazolowera kugula mayunitsi a ESCOM kumudzi, mita ikalira timadziwa kuti tizimitse chitofu. Pa direct debit palibe chimene chimalira.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandivutitsabe. Amagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, ali ndi ana awiri, ndipo anali atatopa ndi kuthamangira ku shopu ya PayPoint kukaika ndalama pa kiyi ali mu yunifolomu. Anasintha bwinobwino. Koma mita yake sinali ya smart, ija yotumiza yokha manambala ku kampani, ndipo kwa miyezi sikisi sanatumizeko manambala a pa mita ngakhale kamodzi. Hita inkayaka usana ndi usiku chifukwa iwo ankati alipira kale. Munthu wowerenga mita atabwera mu April, panapezeka ngongole yoposa £700, ndipo kampani inakweza ndalama ya pamwezi. Mayiwa anachita mantha, anapita pa foni n'kuimitsa direct debit osauza aliyense. Apa ndi pamene anadzipweteka, chifukwa munthu wolipira bilu ikabwera amalipitsidwa mtengo wokwera kuposa njira zina zonse. Anafika kwa ine patatha miyezi ina itatu, makalata ali m'jumbo la pulasitiki, kampani ikunena zobwezeretsa mita ya kiyi yoti izidula ngongole sabata iliyonse. Akanabwera sabata yoyamba ija, tikanakambirana ndi kampaniyo kuti ngongoleyo igawidwe molingana ndi zimene amapeza, chifukwa malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, amaikakamiza kuganizira zimenezo.

Chinanso chimene ndatopa kumva ndi choti mita ya kiyi ndi yodula kwambiri. Zinali choncho kale. Kuyambira July 2023 boma linachotsa kusiyana kumeneko, ndipo Ofgem inapitiriza kuyambira April 2024. Mu October 2024, malire a mitengo amene Ofgem imaika, powerengera nyumba wamba, anali £1,717 pa chaka kwa olipira pa direct debit, ndi £1,669 kwa a mita yolipiriratu. Choncho musasinthe chifukwa mnzanu wakutchalitchi wanena kuti n'zotchipa. Phindu la direct debit lili poti mapangano ambiri a mtengo wokhazikika amapezeka kumeneko, komanso poti magetsi sazima pakati pa usiku ndalama ikatha.

Mfundo yachiwiriyo ndi yaikulu. Ngati m'nyumba muli khanda, munthu wokalamba, kapena wodwala amene mankhwala ake amakhala mu firiji, musazengereze, imbirani kampani lero, muiuzenso ikulembeni pa Priority Services Register, kaundula wa anthu ofunika thandizo lapadera, n'kwaulere. Pambuyo poti nyuzipepala ya The Times inaulula mu February 2023 kuti anthu otumidwa ndi British Gas ankathyola zitseko kukaika mamita amenewa, malamulo anakhwima. Kampani siloledwanso kukakamiza mita yolipiriratu m'nyumba yokhala ndi mwana wosakwana zaka 2, kapena ya munthu wopitirira zaka 75 amene alibe womuthandiza.

Kusinthako sikuvuta. Ngati mita ndi ya smart amasintha ali ku ofesi kwawo, ngati ndi yakale amatumiza munthu. Adzafuna kuti ngongole ithe kaye, adzaona mbiri yanu ya ngongole, ndipo kwa amene mwangofika kumene m'dziko muno mwina adzapempha chikole. Ngati mukuchita lendi koma bilu ili m'dzina lanu, muli ndi ufulu wosintha, ingowadziwitsani eni nyumba. Tsiku losinthalo jambulani manambala a pa mita ndi ndalama yotsala, kenako muzitumiza manambala mwezi uliwonse. Sankhani tsiku lodula ndalama loyandikana ndi tsiku lolandira malipiro. Kampani ikafuna kukweza imayenera kukudziwitsani pasadakhale, kawirikawiri masiku 10 ogwira ntchito, ndipo ikadula molakwika banki yanu imakubwezerani pansi pa Direct Debit Guarantee.

Tsopano za akathyali. Pa magulu a WhatsApp pamabwera anthu oti akuikirani £50 pa kiyi mutawapatsa £25. Amagwiritsa ntchito makiyi achinyengo, kampani imazindikira kuti ndalamayo sinafike kwa iwo, ndipo mumalipiranso kachiwiri. Ena amati ndi amisiri, angathe "kuikonza" mita kuti iziyenda pang'onopang'ono. Umenewo ndi mlandu wakuba, ndipo pa gasi ndi imfa: paipi yolumikizidwa mwachinyengo ikhoza kuphulitsa nyumba yanu ndi ya anansi omwe. Enanso amaimba foni ngati akampani, n'kupempha manambala a akaunti yanu yakubanki kuti "akusinthireni". Dulani foniyo, muimbe nokha nambala imene ili pa bilu.

Thandizo lenileni silifuna ndalama. A Citizens Advice amalangiza mwaulere, ndipo dandaulo lanu likatha masabata 8 kampani isanalithetse, mumalipititsa kwa Energy Ombudsman, ofesi yoima payokha youna madandaulo otere, nakonso n'kwaulere. Mayi aja panopa amalipira ngongole yawo pang'onopang'ono ndipo mita ya kiyi sinabwerere, koma zinatengera makalata anayi ndi miyezi iwiri ya kusowa tulo kuti tifike pamenepo.