William Slim ndi Nkhondo ya Udzudzu ku Burma

Ndikamaphunzitsa mbiri ya nkhondo, ophunzira amayembekeza kumva za mizinga ndi akasinja. Koma tikafika pa William Slim wa ku Britain ndimayamba ndi kapiritsi kachikasu koteteza ku malungo kotchedwa mepacrine, chifukwa luso la mkulu wa asilikali ameneyu likuonekera pa kapiritsiko.

Slim anabadwa mu 1891 ku Bristol ndipo anakulira ku Birmingham, m'banja wamba. Asanavale yunifolomu anaphunzitsako kupulayimale, kenako n'kukhala kalaliki pa kampani yopanga mapaipi. Anavulala koopsa ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915, ndipo nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha anasamukira ku gulu lankhondo la India, komwe anatumikira ndi asilikali a Gurkha ochokera ku Nepal.

Mu Marichi 1942, pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anamutumiza ku Burma (Myanmar) zinthu zitaipa kale. Ajapani anali atatenga Rangoon, likulu la dzikolo pa nthawiyo, choncho ntchito yake yoyamba inali yobweza asilikali ogonja, ulendo wa makilomita oposa 1,000 mpaka kumalire a India. Pomwe ankamupatsa gulu lalikulu lankhondo lotchedwa Fourteenth Army mu 1943, anawerengetsera n'kupeza kuti pa msilikali mmodzi wochotsedwa kunkhondo atavulala, ena 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda, makamaka malungo ndi kamwazi.

Mankhwala analipo, koma anthu sankamwa. Mepacrine ankasandutsa khungu kukhala lachikasu, komanso kunamveka mphekesera yoti amapha mphamvu zaumuna. Mnyamata wa zaka 20 akamva zotere, piritsi limathera pansi pa nsapato! Slim sanalimbane ndi anyamatawo. Analamula kuti gulu lonse liziyezedwa modzidzimutsa, ndipo oyezedwa amene apezeka ndi mankhwala m'thupi akapanda kufika 95 pa 100 alionse, wochotsedwa ntchito azikhala mkulu wa gululo. Anangochotsa atatu, otsalawo anamva. Kwa ine apa ndi pomwe anaposa anzake: anaona kuti dokotala angathe kulangiza, koma woimirira pamzere n'kuonetsetsa kuti aliyense wameza ndi ofesala.

Anasunthiranso zipatala za malungo kufupi ndi kumalo omenyera nkhondo. Kale wodwala ankapita naye kutali mkati mwa India n'kusowa miyezi ingapo. Tsopano ankabwerera kwa anzake patangopita masabata ochepa. Chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege, moti gulu likazingidwa silinkathawanso. Umu ndi momwe matauni a ku India a Imphal ndi Kohima anapirira atazingidwa ndi Ajapani mu 1944, ndipo mu Marichi 1945 asilikali ake analanda mizinda ya ku Burma ya Meiktila ndi Mandalay. Maudindo anabwera pambuyo: mkulu wa asilikali onse a pamtunda a Britain mu 1948, field marshal (udindo wapamwamba koposa wa usilikali) mu 1949, bwanamkubwa wa Australia kuyambira 1953 mpaka 1960. Anamwalira mu 1970.

Nkhaniyi imatikhudza ndithu. Mu Fourteenth Army munali 11th East African Division, momwe munalinso azigogo athu a ku Nyasaland a King's African Rifles. Iwowa ndi amene Slim anawatumiza m'chigwa cha Kabaw m'dzinja la 1944, malo amatope ndi udzudzu amene asilikali ankawatcha chigwa cha imfa. Akuluakulu a nthawiyo ankaganiza kuti munthu wa ku Africa malungo samugwira kwenikweni, koma m'chigwamo anyamata athu ankadwalanso. Anadutsabe, mvula ili pamsana, akukonza okha msewu, ndipo kumayambiriro kwa Disembala anali atafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin.