Mankhwala a dazi la abambo: mlingo wake ndi zovuta zimene amabweretsa

Dazi la abambo si matenda opatsirana, ndipo silibwera chifukwa chovala chisoti kapena kumeta mpala kawirikawiri monga amanenera ena. Ndi la kumtundu, lochokera kuchimuna kapena kuchikazi. M'thupi la mwamuna gawo lina la homoni yachimuna ya testosterone limasanduka homoni yotchedwa DHT, ndipo mwa amene anatengera dazi, DHT imafotetsa mizu ya tsitsi la pamphumi ndi la paliwombo pang'onopang'ono, mpaka tsitsi limamera lopyapyala ndi lalifupi, kenaka limaleka kumera.

Mankhwala amene anayesedwa mokwanira ndi awiri: minoxidil wopaka ndi finasteride wakumwa. Onse amathandiza pamene mizu ikadali yamoyo, koma pamutu pamene panayera zaka zambiri zapitazo sabwezerapo tsitsi. Musanayambe, kaonaneni ndi dokotala kukiliniki ya kwanu, ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, chifukwa tsitsi lothothoka mwadzidzidzi kapena mosiya zigamba lingakhale chizindikiro cha chipere, chindoko, vuto la chithokomiro kapena kuchepa kwa magazi, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala akeake.

Minoxidil anapangidwa poyamba ngati mankhwala a BP, ndipo anavomerezedwa kuti azipakidwa pamutu mu 1988 ku America. Abambo amagwiritsa ntchito kwambiri wa 5 peresenti. Mlingo wake ndi 1 ml m'mawa ndi 1 ml madzulo, woyezedwa ndi kachubu kamene kamabwera ndi botolo, ndipo asapitirire 2 ml patsiku ngakhale dazi litakula bwanji. Pakani pakhungu louma, osati patsitsi, sambani m'manja mukatha, ndipo musanyowetse mutu kwa maola 4. Ngati mwangometa kumene ndi lezala ndipo pali mabala kapena ziphuphu, dikirani khungu lipole, popeza pabala mankhwala amalowa ochuluka m'magazi. M'masabata oyamba tsitsi limathothoka kuposa kale. Ambiri amachita mantha n'kusiya, pamene ndi tsitsi lakale chabe likupereka malo kwa latsopano. Zovuta zofala ndi kuyabwa, kuuma kwa khungu ndi mfundu. Koma mukamva mtima kugunda mothamanga, chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena mukaona mapazi akutupa, siyani tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala. Botolo likhale patali ndi ana, pakuti mwana akamwa ngakhale pang'ono BP yake imatsika moopsa.

Finasteride amatsekereza kupangidwa kwa DHT. Wa dazi ndi piritsi limodzi la 1 mg kamodzi patsiku, mutadya kapena musanadye, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1997 ndi dzina la Propecia. Palinso wa 5 mg, koma ameneyo ndi wa abambo otupa prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) amene amavutika pokodza. Apa ndiye pofunika kumvetsa bwino: kumwa mapiritsi awiri, kapena kumwa wa 5 mg wathunthu, sikufulumizitsa tsitsi. Mukaiwala tsiku limodzi, pitirizani mawa lake ndi piritsi limodzi, osabwezera la dzulo. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita miyezi 3 mpaka 6, ndipo kuti mudziwe ngati akukuthandizani pamafunika chaka chathunthu. Mukasiya, tsitsi limene munapulumutsa limathothokanso m'miyezi 6 mpaka 12, choncho werengerani ndalama zake ngati za chinthu chogula mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Mankhwala onse awiriwa si a anyamata osakwana zaka 18.

Zovuta za finasteride zimakhudza nkhani zimene abambo ambiri sakonda kuzitchula, ndipo n'chifukwa chake tikuzinena poyera. Pa kafukufuku woyesa mankhwalawa, amuna pafupifupi anayi pa 100 alionse anadandaula za kuchepa kwa chilakolako chogonana, kufooka kwa mphamvu za kuchipinda kapena kuchepa kwa umuna. Kwa ambiri vutoli limatha akasiya kumwa, koma alipo ena amene limapitirira ngakhale atasiya. Ena mabere amawawa kapena kukula, ndipo chotupa chilichonse m'bere la mwamuna chiyenera kuonedwa ndi dokotala msanga. Ngati inu ndi akazi anu mukufuna mwana, muuzeni dokotala musanayambe, popeza mwa abambo ena mbewu imachepa.

Choopsa koposa ndi cha maganizo. Mu 2024 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain linachenjeza kuti finasteride angabweretse matenda ovutika maganizo ndi malingaliro ofuna kudzipha, ndipo mu 2025 bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya linatsimikiza za malingaliro amenewa. Amene anadwalapo matenda a maganizo anene zimenezi asanalembedwe mankhwala. Ndi bwino kuti akazi anu kapena m'bale wanu adziwe kuti mukumwa, chifukwa kawirikawiri apabanja ndiwo amayamba kuona kuti munthu wasintha, sakugona, kapena wangokhala duu osalankhula. Zikatero siyani kumwa nthawi yomweyo ndipo kaonaneni ndi dokotala.

Amayi oyembekezera, kapena amene angatenge pakati, asakhudze piritsi losweka kapena lophwanyika, chifukwa mankhwalawa angalowe pakhungu n'kusokoneza kapangidwe ka ziwalo zoberekera za mwana wamwamuna m'mimba. Chenjezo limeneli ndi lalikulu m'nyumba zathu, m'mene mayi ndiye amasunga mankhwala a banja lonse, makamaka ngati bambo akudula piritsi la 5 mg panayi pofuna kusunga ndalama. Musadule piritsi popanda uphungu wa dokotala.

Finasteride amatsitsa ndi pafupifupi theka zotsatira za kuyeza magazi kwa PSA, kumene kumathandiza kupeza khansa ya prostate, choncho uzani woyezayo kuti mumamwa, kuopa kuti matenda angabisike. Musapereke magazi mpaka patapita mwezi umodzi chisiyireni kumwa finasteride. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a mtima kapena ma ARV, tengani khadi lanu pokaonana ndi dokotala.

Gulani mufamase yovomerezeka, osati pamsika, m'basi, kometetsa kapena kwa ogulitsa pa Facebook ndi WhatsApp, kumene simungadziwe mlingo umene uli m'botolo. Minoxidil wa mapiritsi ndi dutasteride (mankhwala ena ofanana ndi finasteride) ndi amphamvu kwambiri, ndipo asamwedwe popanda dokotala wokuyang'anirani. Vuto lililonse limene mwaona mutayamba mankhwala, linenereni kufamase kapena kukiliniki, kuti alilembe ndi kulitumiza ku Zambia Medicines Regulatory Authority, bungwe limene limalembetsa mankhwala ndi kulondola zovuta zake m'dziko muno.