Katemera wa mwana ndi ulendo: yambani mwatsegula kabuku ka kusikelo

Mwana akangoyamba kuyenda yekha, makolo ambiri timaiwala njira ya kusikelo. Ali wakhanda tinkapita mwezi ndi mwezi osaphonya, koma akakwanitsa chaka timaona ngati za jakisoni zatha. Nthawi yomweyi ndi imene maulendo amachuluka: kukamuonetsa kwa agogo ake pa Khirisimasi, kukakolola kumudzi, chinkhoswe cha achemwali, kutsatira bambo ake ku Joni. Tsiku la katemera limadutsa muli panjira, ndipo pobwerako palibenso amene akulikumbukira.

Katemera amene watsala pa msinkhu umenewu

Kuno ku Malawi mwana amalandira katemera woyamba wa chikuku ndi rubella (matenda ena a zidzolo ofanana ndi chikuku) ali ndi miyezi 9, pamodzi ndi wa taifodi amene anayamba kuperekedwa mu 2023. Wachiwiri wa chikuku amabwera pa miyezi 15. Kumene kuli katemera wa malungo, atatu oyamba amaperekedwa pa miyezi 5, 6 ndi 7, ndipo wachinayi amadikira mpaka miyezi 22. Palinso Vitamini A wa miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira mwana atakwanitsa chaka.

Wachiwiri wa chikukuyo musamuone ngati wongoonjezera. Katemera woyamba wa pa miyezi 9 amateteza pafupifupi ana 85 mwa 100 alionse. Otsalawo amaoneka athanzi, kabuku kawo n'kolembedwa bwinobwino, koma thupi lawo silinagwire. Inu mayi simungadziwe ngati wanu ali m'gulu limeneli. Jakisoni wa pa miyezi 15 ndi amene amatseka mpata umenewo.

Ndiye taganizani za basi yochoka ku Wenela usiku, mazenera otseka chifukwa cha kuzizira, mwana wanu ali pamiyendo, kumbuyo kwanu kuli mwana wina amene akutsokomola ndipo maso ake ndi ofiira. Chikuku chimayenda mumpweya, ndipo kachilombo kake kamatha kukhalabe m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka. Munthu amayamba kupatsira anzake kutatsala masiku anayi kuti zidzolo zioneke, nthawi imene aliyense akuti ndi chimfine chabe. Mwa anthu 10 osatetezedwa amene akhala pafupi ndi wodwala, mpaka 9 amatenga matendawa. Kwa mwana wamng'ono chikuku chimabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba, khungu, ngakhale imfa.

Pitani kusikelo kutatsala mwezi

Mukadziwa tsiku la ulendo, tulutsani kabuku tsiku lomwelo, muone tsiku lobwereranso limene analemba. Ngati pali katemera amene nthawi yake yakwana kapena inadutsa kale, kamubayitseni kutatsala milungu inayi kuti munyamuke.

Chifukwa choyamba n'chakuti katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo. Wa chikuku amafuna milungu iwiri kapena itatu kuti thupi lipange chitetezo, choncho mwana wobayidwa dzulo amene wakwera basi lero sanatetezekebe. Chachiwiri, ana ena amatentha thupi kapena kutuluka tizidzolo patadutsa masiku 7 mpaka 12 atalandira katemera wa chikuku. Zimatha zokha, koma ndi bwino zikupezeni muli pakhomo, osati pamzere wa pachipata cha Mwanza kapena pakati pa mwambo wa ukwati. Chachitatu anthu ambiri sachidziwa: botolo limodzi la katemera wa chikuku limakhala la ana angapo, ndipo likasungunulidwa limatayidwa pakatha maola 6. N'chifukwa chake zipatala zina zing'onozing'ono zili ndi tsiku lake loperekera katemerayu. Mukapita ulendo uli mawa, mukhoza kuuzidwa kuti mubwerenso Lachinayi.

Mukafika, auzeni anamwino kapena alangizi a zaumoyo kumene mukupita, tsiku lonyamuka ndi nthawi imene mukakhaleko. Iwo ndi amene angakuuzeni ngati katemera angaperekedwe tsopano kapena adikire. Musawaumirize kuti abayiretu zonse chifukwa choti mukuchoka. Pakati pa jakisoni wina ndi mnzake wa mtundu womwewo pamafunika milungu yosachepera inayi, ndipo wobayidwa mofulumira kwambiri sagwira bwino, mwana amangomva kuwawa pachabe. Koma akatemera osiyana mitundu akhoza kuperekedwa tsiku limodzi popanda vuto. Kachimfine, kachifuwa kapena kutsekula m'mimba pang'ono si chifukwa chobwezera mwana kunyumba osabayitsa.

Tsiku likakwana muli kwina

Kabuku ka mwana sikagwira ntchito pachipatala chimodzi chokha. Mwana wa ku Ndirande akhoza kulandira katemera wake ku Mzimba kapena ku Nsanje, ndipo m'zipatala za boma ndi waulere. Kumudzi funsani tsiku limene alangizi a zaumoyo amachititsa sikelo, kaya ndi pasukulu, patchalitchi kapena pansi pa mtengo. Onetsetsani kuti alemba m'kabukumo.

Ulendo wa maliro sukonzekeredwa, uthenga umabwera usiku, m'mawa mwanyamuka. Pamene mukulongedza zitenje ndi matewera, kabukuko kalowe m'chikwama choyamba. Kaikeni m'kajumbo kuti phala kapena mvula zisakanyowetse, ndipo jambulani tsamba la katemera pafoni, mutumizirenso bambo a mwanayo pa WhatsApp. Ngati mwana mukukamusiya kwa agogo ake kapena azakhali ake, kabukuko katsale naye, ndipo muwatchulire tsikulo mwachindunji.

Nanga ngati tsiku linadutsa kale, mwina ndi miyezi itatu? Musachite manyazi, musaopenso kukalipiridwa. Katemera sayambidwanso poyambirira, amangopitiriza pamene analekezera. Mwana wa zaka ziwiri amene sanalandire wachiwiri wa chikuku akhoza kulandirabe.

Katemera wa malungo ali ndi nkhani yakeyake. Malawi ndi dziko loyamba limene linayamba kumupereka kwa ana kudzera kusikelo, mu April 2019, ndipo anayambira m'maboma 11, monga Karonga, Nkhata Bay, Mchinji, Mangochi, Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. Ngati mukusamukira boma lina mwana asanalandire wachinayi, funsiranitu kumene mungakamupeze.

Kudutsa malire

Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Chaka chomwecho kanapezekanso mwa ana a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene mabasi a ku Joni amadutsa. Choncho musanatuluke, onetsetsani kuti katemera yense wa poliyo analembedwa m'kabuku, ndipo a zaumoyo akamayenda khomo ndi khomo ndi madontho, mwana alandirenso ngakhale analandira kale.

Dziko lililonse lili ndi ndondomeko yake. Ku Zambia ndi ku Mozambique wachiwiri wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 18. Ku South Africa amabaya pa miyezi 6 ndi 12. Musavutike kuwerengera nokha, pitani kukiliniki ya komweko ndi kabuku ka kwanu, anamwino aone zimene mwana analandira ndi zimene zatsala.

Abale amene muli ku Britain, kumeneko katemera woyamba wa chikuku amabwera mwana atakwanitsa chaka. Ngati mukubwera naye kumudzi asanafike pamenepo, kaonaneni ndi adokotala kutatsala milungu 6 kapena 8, chifukwa akhoza kumubaya kuyambira miyezi 6. Funsaninso za BCG (katemera wa TB), taifodi ndi mankhwala oteteza ku malungo, pakuti mwana wobadwira kunja alibe chitetezo chilichonse ku malungo.

Mayiko ena amafuna satifiketi ya katemera wa yellow fever (matenda ena ofalitsidwa ndi udzudzu), makamaka ngati mukupita kapena mukuchokera kumene matendawa amapezeka, monga ku DRC kapena ku Uganda. Katemerayu amaperekedwa kuyambira miyezi 9, ndipo satifiketi imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10. Ngati sanaperekedwe tsiku limodzi ndi wa chikuku, pakati pake pamafunika milungu inayi.

Kulikonse kumene mukagone, nyamulani neti ndi Thanzi ORS, pakuti ngakhale mwana amene analandira katemera wa malungo akhoza kudwalabe. Akatentha thupi muli paulendo kapena mutangobwerako, musangoti ndi jakisoni uja kapena kusintha kwa madzi. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi, ndipo muwauze kumene munapita.