Nyamakazi yosadikira ukalamba: nkhani ya ma cytokine

Tikamva za nyamakazi timaganiza za agogo amene mawondo awo atha ndi zaka. Koma ilipo ina yosayang'ana msinkhu. Imagwira mayi wa zaka 35, manja onse awiri mofanana. M'mawa zala zimauma gwaa kwa ola lathunthu kapena kupitirira, mfundo zake zimatupa ndi kutentha, moti kufinya chitenje chochapa kumakhala ntchito ya misozi. Achipatala timaitcha rheumatoid arthritis, ndipo imagwira amayi kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa abambo. Palibe kachilombo kamene tingaloze kuti ndi kameneka. Chitetezo cha m'thupi ndicho chaukira mwini wake.

Maselo a chitetezo amalankhulana potumizirana timapuloteni totchedwa ma cytokine. Selo likakumana ndi mdani limatulutsa cytokine, iyo n'kukatera pa selo lina pamalo ake olandirira otchedwa receptor, ndipo thupi limachita zimene lauzidwa. Mitsempha ya magazi imatambasuka, maselo oyera amathamangira pamalo povuta, ubongo umakweza kutentha kwa thupi, chakudya chimasiya kukoma. Kufiira ndi kupweteka kwa chithupsa kumachokera pamenepo. Ma cytokine alipo ambirimbiri, koma pa za kutupa otchuka ndi TNF, IL-1 ndi IL-6.

TNF inapezeka mu 1975 ku New York, ndi gulu la Lloyd Old, limene linaona kuti imapha zotupa za khansa mu mbewa. Ife kuno inatikhudza kudzera m'malungo. Mu 1989, Georges Grau, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza mwa ana a ku Malawi odwala malungo aakulu: amene anali ndi TNF yambiri m'magazi ndiwo ankamwalira kwambiri. Zinaoneka ngati mankhwala apezeka, kungotsekereza TNF basi. Atayesa zimenezo kwa ana a ku Gambia, zotsatira za mu 1996 zinagwetsa ulesi. Imfa sizinachepe, ndipo ana otsala ndi vuto la mu ubongo anachuluka pakati pa olandira mankhwalawo.

Thupi lili nayo njira yakeyake yochepetsera TNF. Kutupa kukayamba, maselo amadula ma receptor ena pakhungu lawo n'kuwasiya ayandame m'magazi. Receptor yoyandamayo imagwirabe TNF, koma poti siilumikizana ndi selo lililonse, uthengawo umathera pomwepo. Zili ngati munthu wokumana ndi mthenga panjira n'kumulanda kalata isanafike kwa mwini wake. Akatswiri a ku Geneva ndi a ku Israel, motsogozedwa ndi Jean-Michel Dayer ndi David Wallach, anazipeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anazipeza mu mkodzo wa anthu.

Mwa wodwala nyamakazi ija, ma receptor oyandamawa alimo, ochuluka kuposa mwa munthu wabwinobwino, koma TNF imawaposabe. Ku Kennedy Institute ku London, Marc Feldmann ndi Ravinder Maini anatenga minofu ya m'mfundo za odwala n'kuona kuti akatsekereza TNF yokha, IL-1 nayo imatsika. Mu 1992 anayesa kwa odwala mankhwala otsekereza TNF amene lero amatchedwa infliximab, ndipo anthu amene ankalephera kuyenda bwino anayamba kupeza bwino m'masabata ochepa. Mu 1998 dziko la America linavomereza etanercept, amene kwenikweni ndi receptor yoyandama yopangidwa ku fakitale. Anamanga ziwiri pamodzi n'kuzilumikiza ku chidutswa cha antibody, puloteni ina ya chitetezo cha m'thupi, kuti zikhalitse m'magazi. Wodwala amabaya jakisoni pansi pa khungu kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo mankhwalawo amasungidwa mu firiji, zimene kwa ambiri a ife ndi vuto palokha, osanena za mtengo.

Musaganize kuti receptor yoyandama iliyonse imachepetsa kutupa. Ya IL-6 imachita zosiyana kotheratu. Maselo okhala ndi receptor ya IL-6 ndi ochepa, makamaka a m'chiwindi ndi maselo oyera ena. Koma yoyandamayo ikagwira IL-6, ziwirizo zimatha kukadzutsa maselo amene paokha sakanamva uthengawo, monga a m'mitsempha ya magazi ndi a m'mfundo. Kutupa kumafalikira m'malo mochepa. N'chifukwa chake mankhwala a tocilizumab amatseka receptor ya IL-6, yokhazikika ndi yoyandama yomwe. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti aziperekedwa kwa odwala Covid-19 amene adwalika kwambiri. Ali ndi msampha wake: IL-6 ndiyo imauza chiwindi kupanga CRP, puloteni imene timayeza m'magazi pofuna kudziwa ngati muli kutupa. Wolandira tocilizumab akhoza kudwala chibayo choopsa koma CRP ili pansi, thupi losatentha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi TB. Munthu akapuma tizilombo ta chifuwa chachikulu, nthawi zambiri thupi silitipha tonse. Limatizinga ndi maselo n'kutitsekera m'mapapo kwa zaka zambiri, ndipo TNF ndiyo imasunga maselowo ali pamodzi. Mukaichotsa, tizilombo timamasuka. Mu 2001 ku America kunatuluka lipoti la odwala 70 amene anadwala TB atalandira infliximab, ambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo mwa oposa theka matendawa anali kunja kwa mapapo, kumene savuta kuphonya. Chiopsezochi n'chocheperako ndi etanercept poyerekeza ndi infliximab ndi adalimumab (mankhwala enanso otsekereza TNF), koma chilipo. Poti akuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anatengapo tizilombo ta TB, ndipo kwathu kuno matendawa ndi ofala, wodwala asalandire mankhwalawa asanaunikidwe pachifuwa ndi kuyezedwa TB, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Abale amene amakalandira thandizo ku Johannesburg kapena ku India azifunsa ngati zimenezi zachitika.

Odwala ambiri safika n'komwe pa majakisoni amenewa. Amayamba ndi methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo saloledwa kwa mayi woyembekezera. Akayambidwa msanga, mfundo zisanapindike, amathandiza ndithu. Chimene sindigwirizana nacho ndi kugula prednisolone mwachisawawa n'kumamwa miyezimiyezi chifukwa ululu wachepa. Amatsitsadi ma cytokine, koma amakweza shuga ndi BP, n'kufooketsa mafupa. Ndipo aliyense wolandira mankhwala ochepetsa chitetezowa akayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, apite kuchipatala sabata yomweyo, ngakhale thupi lisakutentha.