Musanatsitse giyabokosi, mverani kaye mpweya

Dalaivala wina anandiimbira foni mbandakucha ali pa boda ya Mwami, atasenza soya. "Amdala, giyabokosi yafa. Ndikaika giya, chilembo cha N chikungophethira, thiraki osasuntha." Bwana wake anali atayamba kale kufunsa mtengo wa ina ku Lusaka. Nditafika ndinati azimitse injini, tonse tikhale chete. Kunsi kunamveka kuti tsiii! Kapaipi ka mpweya kanali katakhulika pachitsulo mpaka kubooka. Tinadula pobookapo, n'kulumikiza, ulendo unapitirira.

Zimandiwawa kuona anthu akutaya ndalama chifukwa chosadziwa chimene chili pansi pa mpando wawo. Magiyabokosi a mathiraki osintha okha magiya, monga I-Shift ya Volvo, imene inayamba mu 2001, Opticruise ya Scania ndi PowerShift ya Benz Actros, sali ngati otomatiki ya galimoto yaing'ono. Mkati mwake muli magiya ndi kilachi monga mwa masiku onse. Kungoti mwendo ndi dzanja la dalaivala zinalowedwa m'malo: kompyuta imalamula, mpweya ndiwo umakankha. Mpweyawo umachokera ku kompuresa yomwe ija ya mabuleki, ndipo pa mathiraki ambiri umafunika kufika cha m'ma 8 bar. Ukachepa, kompyuta imakana dala kulowetsa giya poteteza mano.

Ndiye yambani ndi geji ya mpweya. Ngati m'mawa uliwonse mumapeza matanki alibe mpweya, penapake pakudontha. Kenako kokani kavalavu ka pansi pa thanki. Pakatuluka madzi oderako osakanikirana ndi oilo, air dryer, yochotsa chinyezi mu mpweya, yatopa, ndipo chinyezicho chikupita ku timavalavu ta giyabokosi, timene timachita dzimbiri n'kuyamba kukakamira. Giya yolowa mochedwa kukazizira, koma n'kumalowa bwino dzuwa likakwera, kawirikawiri imayambira pamenepa.

Chachiwiri ndi magetsi. Mathirakiwa amayendera 24 volts, mabatire awiri a 12. Limodzi likafooka injini ikhoza kulira ndithu, koma kompyuta imasokonezeka. Onani mitu ya mabatire, waya wa earth, ndi pulagi yolowa pa giyabokosi. Fumbi la m'misewu ya kumadepoti a chimanga ndi matope a m'dzinja zimabisala m'menemo. Chonde, musanachotse batire jambulani ndi foni manambala amene aoneka pa dashibodi. Amatithandiza ife amakanika kusiya kulota.

Kilachi imatha ndithu, koma ambiri amaipha okha. M'mapiri a Kacholola, kapena pokwera kuchokera pa mlatho wa Luangwa, mumapeza munthu waimitsa katundu yense pachitunda poponda mafuta m'malo mwa buleki. Pamenepo kilachi ikungopekesa moto, ndipo fungo lake limamveka ngakhale uli patali. Gwirani buleki, sankhani giya yotsika nokha, muzinyamuka kamodzi. Ndipo mukaika kilachi yatsopano, makanika alumikize thiraki ku kompyuta kuti giyabokosi iphunzire pogwirira pa kilachiyo. Kupanda apo idzanjenjemera ponyamuka ngati yakale ija.

Thiraki ikafera panjira, ku Nyimba kaya ku Katete, musalole kuti aikoke asanamasule propshaft, chitsulo cholumikiza giyabokosi ndi mateyala a kumbuyo. Pampu ya oilo ya m'giyabokosi imazungulira injini ikamalira. Mukaikoka injini ili zii, mateyala amazunguza zamkati zili zouma, ndipo pofika ku Chipata mabering'i amakhala atapsa.