Mafunso ndi mayankho pa mafizo a anthu omwe anadwala khansa, komanso za ana asukulu ophunzira za fizo amene mumawapeza kuno

Masabata apitawa pakhomo pa ofesi yathu ya fizo (physiotherapy, kuthandiza odwala kudzera m'masewera olimbitsa thupi) pakhala piringupiringu, mzere kuyamba mamawa, ena kubwerera osaonedwa, ena kutiimitsa mumsika kufunsa, ndipo mafunso ake, okhudza gulu lathu la mafizo a anthu omwe anadwala khansa, ndi omwewomwewo. Nde tati tingoyankhira pamodzi. Amene mwawerenga mukafotokozereko anzanu kumudzi, ndipo agogo athu omwe Chichewa chimawavuta muwamasulire m'Chiyao chonde.

Mumakumana liti?

Lachiwiri ndi Lachinayi, 7 koloko m'mawa, dzuwa lathu la kuno lisanayambe kuswa mtengo.

Nzolipira?

Ayi, nzaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu likwere pamwamba, musapereke, mutiuze.

Ndinamaliza kemo (mankhwala olimbana ndi khansa) kalekale, ndikudzimva bwinobwino, bwanji munandibweza kuti ndilibe kalata?

Apa mpamene pachuluka madandaulo ndipo tikumva ululu wake, munthu wadzuka usiku kuchokera ku Makanjira kapena ku Katuli, walipira galimoto, kufika kuno nkuuzidwa kuti bwererani. Sizikoma, ife tomwe tikamanena mawu amenewo mtima umawawa. Koma lamuloli sitinaliyike pofuna kuzunza munthu. Mafizo a munthu amene wadutsa mu khansa ali ngati mankhwala, ali ndi mulingo wake, ndipo kuti tidziwe mulingowo tiyenera kudziwa kuti inali khansa yanji, munalandira chani, ndipo pano ili pati. Kemo wina, monga uja wofiira wotchedwa doxorubicin amene ambiri a khansa ya bere amalandira, amatha kufooketsa mtima ngakhale patapita nthawi. Wina monga paclitaxel ndi vincristine, amene a Kaposi mumawadziwa bwino, amachititsa dzanzi m'mapazi ndi m'manja, munthu osamva bwino pomwe waponda, nde tikamuimika ndi mwendo umodzi osadziwa atha kugwa. Choopsa kwambiri ndi khansa imene yafika m'mafupa, fupa lotere limatha kuthyoka ndi kanthu kochepa. Zonsezi sizioneka pankhope.

Ndiye chomwe timafuna ndi kabuku kanu ka kuchipatala komwe munalembedwa zonse, kapena kalata yochokera komwe munkalandirira chithandizo, kaya ndi ku Queens, ku Zomba Central kapena ku Cancer Centre ku Lilongwe. Ngati kabuku kanatayika kapena kananyowa ndi madzi osefukira, zomwe zachitikira ambiri kuno, sitikunena kuti mubwerere ku Blantyre chifukwa cha pepala lokha ayi. Muyambe mwaonana ndi kiliniko (clinical officer) kuno, akuyezeni BP, magazi ndi zina, alembe zomwe wapeza, ife tiyambire pamenepo. Nthawi zina zimatheka tsiku lomwelo, nthawi zina ayi, sitingalonjeze chifukwa zimatengera ngati kiliniko alipo komanso ngati ku labu zinthu zili bwino tsikulo.

Omwe mudakali pa kemo sitikukanizani, koma aliyense timamuona payekha. Magazi akachepa kwambiri kapena thupi likatentha kufika 38, tsiku limenelo si la mafizo, thamangirani kwa dokotala osadikira kuti kuche. Omwe khansa inafalikira nawonso sitiwataya, kungoti sitiwaika m'gulu lalikulu, timawaona paokha ndi gadiyani wawo, ndipo pena timagwirizana ndi anzathu a palliative care, omwe amachepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda osachiritsika. Pali gulu lina lotivuta kuliyankha, la omwe ali ndi chotupa koma sanapimidwepo, angouzidwa ndi anthu kuti imeneyo ndi khansa. Amenewa sitingawalembe, ndipo si nkhanza, tikuopa kuti azitaya miyezi akupanga mafizo pamene chofunika ndi kupimidwa msanga. Bambo amene akukodza magazi asangoti ndi likodzo lathu lakunyanja lomweli, chifukwa likodzo lokhalitsa limatha kubweretsa khansa ya chikhodzodzo. Mayi amene akutaya magazi mosadziwika bwino apite akayezetse khomo la chiberekero, imeneyi ndi khansa yomwe ikutha amayi ambiri kuposa ina iliyonse m'Malawi muno.

Munthu wodwala samayenera kupuma? Bwanji mukumutopetsanso?

Funsoli amafunsa kwambiri ndi magadiyani, ndipo amafunsa chifukwa cha chikondi. Kale olo kuchipatala komwe ankanena choncho, gonani mupume. Koma kutopa kwa khansa nkosiyana ndi kutopa kochokera kumunda, sikutha ndi kugona, munthu akamangokhala pamphasa minofu imasungunuka nde kutopa kuja kumangoonjezekera, mapeto ake kulephera ngakhale kudzuka kupita kuchimbudzi yekha. Akatswiri atakumana nkuunika kafukufuku wambiri anatulutsa malangizo mu 2019 oti kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga mphindi 30 katatu pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu kawiri pa sabata, kumachepetsa kutopa, nkhawa ndi kukhumudwa. Mu 2025 kunatulukanso zotsatira za kafukufuku wa anthu 889 a khansa ya m'matumbo, ambiri a ku Canada ndi Australia, omwe anali atamaliza opaleshoni ndi kemo. Theka anapatsidwa wowatsogolera pa masewera olimbitsa thupi kwa zaka 3, theka linalo anangopatsidwa zowerenga. Patatha zaka 8, mwa anthu 100 alionse a gulu loyamba 90 anali moyo, pamene gulu linalo anali 83. Koma tichenjezane, ameneyo anali kafukufuku wa khansa ya m'matumbo, ndipo anthuwo anali atalandira kale chithandizo chonse. Mafizo salowa m'malo mwa kemo, opaleshoni kapena ma ARV. Musasiye mankhwala, musajombe tsiku lanu la ku Blantyre ati chifukwa mukupanga mafizo.

Ndipo palibe amene timamuyambitsa ndi mphindi 30. Ena amayamba ndi mphindi 5, kudzuka pampando nkukhalanso, basi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Muyeso wake ngosavuta, muzitha kulankhula mukuyenda koma kuimba nyimbo kuzikuvutani, mukafika polephera kutulutsa mawu ndekuti mwapyola.

Anandichotsa bere, dzanja limatupa, anandiuza kuti ndisamanyamule kanthu. Nanga inu mukundipatsa botolo la mchenga bwanji?

Kutupako kumabwera chifukwa timisempha toyendetsa madzi a m'thupi ta kukhwapa tinachotsedwa kapena tinaonongeka ndi radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza cha makina. Malangizo akale analidi oti dzanjalo lisagwire ntchito, koma zinapezeka kuti kunyamula zopepuka nkumaonjezera pang'onopang'ono, pali wokuyang'anirani, sikukulitsa kutupako. Choipa ndi kudzidzimutsa dzanja, lero lakhala osagwira kanthu mawa mwasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kunyanja. Dzanja likafiira, kutentha ndi kuwawa mwadzidzidzi, siyani zonse mubwere tsiku lomwelo.

Ine ndimalima, kusinja, kutunga madzi. Si mafizo amenewo?

Mbali ina inde, ndipo sitikuletsani. Koma khasu silingatambasule phewa lomwe lauma pambuyo pa opaleshoni, komanso silingalimbitse minofu ya m'munsi kwa mayi amene mkodzo ukumupulumuka atachitidwa opaleshoni ya chiberekero. Zimenezo zili ndi mafizo akeake.

Bwanji simupereka ya thiransipoti? Tinamva kuti ndalama zinabwera.

Tiyankhe mosamala chifukwa nkhaniyi yayenda kwambiri ndipo yafika poipitsa mayina a anthu. Gululi lilibe thumba la alawansi kapena la thiransipoti, ndipo palibe ndalama ya odwala imene inafika muofesi muno nkusowa. Tikudziwa komwe chisokonezo chikuchokera, anthu anazolowera kuti akaitanidwa kumsonkhano wa mabungwe amasaina pepala nkulandira kenakake, ndiye akaona ifenso tikulemba mayina m'kaundula amaganiza kuti ndalama zatsalira kwa ife. Kaundula uja ngongolembamo amene wabwera, BP yake ndi zomwe wapanga tsikulo, aliyense ali ndi ufulu woona tsamba lake. Zinachitikapo kuti munthu wakufuna kwabwino anabweretsa zakumwa ndi sopo tsiku limodzi, omwe analipo analandira, omwe kunalibe anamva ngati tawamana. Tinalakwitsa posafotokoza nthawi yomweyo kuti zinali za tsiku limodzi, tikuvomera.

Sitikunena kuti vuto la ndalama palibe. Munthu amene wagulitsa mbuzi ndi njinga kuti azipita ku kemo, kumuuza kuti azibweranso kuno kawiri pa sabata kuchokera ku Namwera, Chilipa kapena Monkey Bay ndi kumusenzetsa katundu wina. Nde kwa akutali timachita chonchi, mubwere ulendo umodzi ndi gadiyani, tikuyezeni, tikuphunzitseni nonse awiri, tikujambulireni papepala zoti muzikapanga kunyumba, kenako muzibwera mwa apo ndi apo, makamaka tsiku lomwe mwabwera kale kudzatenga mankhwala. Zoti mtsogolo muno kudzapezeka thandizo la thiransipoti tinazipempha kwa akuluakulu, koma pempho si lonjezo, musakongole ndalama ya kabaza podalira kuti tidzakubwezerani.

Ana asukuluwa akuphunzirira pa ife?

Akuphunzira, inde, sitingabise. Dokotala aliyense amene anakuthandizani anayamba choncho. Koma sakhala okha, ndondomeko ya munthu aliyense amalemba kapena kuivomereza ndi fizo amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo wophunzira saloledwa kusintha mulingo payekha. Kunena zoona popanda iwowa gululi silikanatheka, anthu a fizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira ndi amene amakhala nanu pambali kuwerenga nanu, kukugwirani mukamadzandira, pamene ife tikuthamanga pakati pa inu ndi odwala sitiroko ndi ana. Ngati simukufuna kuonedwa ndi wophunzira nenani, simuchotsedwa m'gulu, kungoti mwina mudikirako.

Dandaulo loti mwangozolowerana naye kenako wapita ndi loona. Mlendo ndi mame, amakhala masabata owerengeka nkubwerera kusukulu. Tikuyesetsa kuti asanachoke azisiya zonse zolembedwa bwino kuti wobwerayo asakufunseninso kuyambira pachiyambi.

Ndine mayi, sindikufuna kugwiridwa ndi mnyamata.

Ndi ufulu wanu, simufunika kupereka chifukwa. Za chilonda cha bere ndi za m'munsi timaonera kuchipinda, pali mayi mnzanu. Hijabu kapena chitenje musavule, bola chovala chikhale chomasuka. Tivomere kuti masiku ena wamkazi sapezeka, zikatero timakupatsani tsiku lina m'malo mokukakamizani.

Ndine wophunzira, ndingabwere bwanji pa atachimenti, ndipo pali kangachepe?

Kudzera kusukulu kwanu basi. Sukulu ilembe kalata kwa akuluakulu a chipatala, inene zomwe mukuyenera kuphunzira ndi masabata ake, osati inu kutilembera pa WhatsApp kapena kutuma amalume anu. Timalandira omwe akuphunzira physiotherapy kapena rehabilitation technician. Omwe munaphunzira za masewero kapena mumaphunzitsa ku jimu, chidwi chanu tachiona ndipo tikuchilemekeza, koma panopa tilibe chilolezo chokupatsani odwala.

Za ndalama, ofesi yathu silipira wophunzira, ndipo nyumba, chakudya ndi thiransipoti sitipereka. Ngati pali alawansi imachokera kusukulu kwanu kapena kwa amene akukulipirirani, mufunse kumeneko musananyamuke, chifukwa taonapo ana akufika ndi chikwama kuganiza kuti malo ogona alipo, nkuyamba kusaka nyumba ya lendi dzuwa litapendeka. Intani amene wamaliza sukulu nkhani yake ndi ina, ameneyo sitimulemba ndife ndipo malipiro ake sadutsa muofesi muno, choncho tisayankhe zomwe si zathu. Timatenga ochepa nthawi imodzi, ena amati tikukondera, koma supavaiza mmodzi sangayang'anire gulu la ophunzira uku ali ndi odwala. Amene amalankhula Chiyao amapepukidwa, amene satha aphunzireko moni ndi mawu ofunsira pomwe pakuwawa asanafike. Foni m'thumba, kujambula wodwala nkuika pa Facebook kapena pa status ndi mlandu wobwezetsa munthu kusukulu tsiku lomwelo.

Nzoona kuti tsiku lina munabweza anthu onse?

Nzoona. Supavaiza anaitanidwa mwadzidzidzi kuwodi, panatsala ophunzira okha, ndipo lamulo silitilola kuti ayendetse gulu paokha. Kubweza kunali koyenera, koma kusiya anthu akudikira mpaka dzuwa kufika pamutu osawauza kanthu kunali kulakwa kwathu, pepani. Pano zikatero tizinena 8 koloko isanakwane, ndipo akutali ndi amene aziyamba kuonedwa tsiku lotsatira.

Nanga pa Ramadan kapena ndikasala kudya kutchalitchi?

Tiuzeni kuti mwasala, tichepetse mulingo, ndipo zolemerako muzikapanga madzulo mutamasula ndi kumwa madzi okwanira. Amene muli pa kemo kapena mumamwa mankhwala a shuga, kambiranani kaye ndi dokotala komanso ashehe kapena abusa anu musanayambe kusala. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala aliyense amene sanasale abwere ndi botolo la madzi, ndipo musabwere chosadya, olo phala lokha.