Musasamuke injini gemu yanu isanasewereke

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, eti ayambe ndi injini (pulogalamu yopangiramo gemu) iti kuti gemu yawo izioneka ngati zija amaziona za Unreal Engine 5. Ine ndikawafunsa kuti chabwino, nanga wosewerayo akagwira controller azipanga chani mu masekondi 30 oyambirira, amangoti kakasi. Nkhani ya dziko lawo ali nayo, mayina a mafumu ndi zilombo ali nawo, koma batani lodumphira silinayesedwe nkomwe. Nde ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndilembe kamodzi.

Sindikunyoza zatsopanozi ayi. Ife amene tinayamba ntchitoyi kale timadziwa ululu umene Nanite ndi Lumen, zida ziwiri za mu Unreal Engine 5, zinachotsa. Kale ukapanga mwala umodzi umayenera kuupanga kanayi kapena kasanu, wina watsatanetsatane woonera pafupi, wina wopepuka woonera patali, injini izisinthanitsa malinga ndi mtunda. Nanite imachita zimenezo yokha, imathyola chinthucho m'timagulu ta ma triangle nkumangojambula zokhazo zimene diso lingaone pa sikirini. Kuwala nako timachita kuphikiratu, umadina batani nkuchokapo maola angapo, pobwera upeza kuti nyali imodzi unaiika polakwika, yambiraninso. Ndi Lumen ukasuntha nyali, kuwala kogunda pakhoma nkubwerera kumasintha pompo ukuona. Epic Games, eni ake a Unreal, anaonetsa zimenezi mu 2020 pa PlayStation 5, injiniyo nkutuluka mu April 2022, ndipo ngakhale a CD Projekt Red, opanga magemu a Witcher, anasiya injini yawoyawo nkunena kuti Witcher watsopano apangira pa Unreal 5. Nde zinthuzi nzenizeni.

Koma chimene mavidiyo owala aja oonetsa Unreal 5 sakuuzani ndi ichi. Gemu yoyenda ma frame 60 pa sekondi ili ndi ma millisecond 16.6 okha kuti imalize chithunzi chimodzi, zonse, physics, adani kuganiza, mawu, mithunzi, kuwala. Ndi bajeti imeneyo, ndipo siitambasuka chifukwa choti mwaikonda gemu yanu. Lumen imadya gawo lalikulu la bajetiyo, inapangidwira ma console atsopano ngati PlayStation 5 ndi makompyuta amphamvu, osati foni wamba kapena laputopu yopanda graphics card. Mu Unreal mungolemba stat unit mu kabokosi kolembamo malamulo ka injiniyo, ikuonetsani manambala a Game, Draw ndi GPU, pamenepo mudziwa amene akukudyerani nthawi. Anthu amatha chaka osalembako mawu awiri amenewo ngakhale kamodzi.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandiwawabe mpaka lero. Anabwera kwa ine ndi kagemu ka 2D, kamunthu koponya chingwe nkumalendewera kuchoka pakhoma lina kupita lina. Zithunzi kunalibe, mabokosi otuwa basi, kamunthuko kanali kabokosi kofiira. Ndinati ndingoyesa mphindi ziwiri, ndinapezeka ndatha pafupifupi ola, chifukwa ukasiya chingwe pa nthawi yake yeniyeni kamunthu kaja kamauluka mokoma moti umafuna kubwerezanso. Chimenecho ndiye chovuta kupeza pa ntchito yathuyi, anthu amachisaka zaka, iye anali nacho m'manja. Kenako anaonera mavidiyo aja, nkulowa kosi ya munthu wina wa pa intaneti yolonjeza gemu yooneka ngati ya makampani akuluakulu m'masabata ochepa, basi anaganiza zosamutsa zonse kupita ku 3D. Ndinamuuza kuti aziyesa pa kompyuta yofooka mwezi uliwonse, koma ndinanena kamodzi, mofatsa, ngati malangizo oti akhoza kuwataya, ndipo apa mpamene ndimadziimba mlandu. Anatha chaka ndi miyezi akuyesera pa kompyuta yake yamphamvu yokha, akuunjika mitengo ndi miyala yogula, mapanga owala bwino zedi. Tsiku limene tinaiika pa laputopu wamba inkayenda ma frame 11. Ukadina batani kamunthu kamasiya chingwe mochedwa, kukoma konse kuja kunathera pomwepo. Ndinati palibe vuto, tibwerere ku ya mabokosi ija tiyambire pamenepo. Anangondiyang'ana. Analibe Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene wasintha kuti uthe kubwerera m'mbuyo, analibe kalikonse, anali ndi foda yotchedwa final ndi ina final2, zonse atazilemba pamwamba kalekale. Anayesa kuipanganso koma manambala a kulemera ndi liwiro la chingwe anali ataiwala, sinamvekenso chimodzimodzi, ndipo pano anasiya zopanga magemu.

Nde chonde, Git ikani tsiku loyamba, osati mawa, mafailo akuluakulu a zithunzi ndi mawu aponyeni ku Git LFS, sindifotokoza zambiri apa chifukwa ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndipo mukayamba pulojekiti pa version inayake ya injini, khalani pomwepo. Ikatuluka yatsopano musathamangire kudina update pa pulojekiti yeniyeniyo, koperani kaye, yesani pa kopeyo, onani ma plugin amene afa. Amene anasamutsa magemu kuchoka ku injini ya Godot 3 kupita ku Godot 4 itatuluka mu March 2023 akuuzani, GDScript (chilankhulo cholembera code mu Godot) inasintha, mayina a ma node (tizigawo tomangira gemu) ambiri anasintha, chida chosinthira chimathandiza koma zotsalazo umakonza ndi manja mzere ndi mzere.

China chimene anthu sawerenga ndi layisensi, amangodina kuvomera. Mu September 2023 eni injini ya Unity analengeza kuti opanga magemu amene adutsa malire ena azilipira nthawi iliyonse gemu ikaikidwa pa chipangizo, mpaka masenti 20 a dola pa install imodzi. Kunali chipwirikiti, mkulu wa kampaniyo John Riccitiello anachoka pa mpando mwezi wotsatira, ndipo mu September 2024 ndondomekoyo anaithetseratu, Unity 6 nkutuluka mu October. Inatha bwino, komabe inatiphunzitsa kuti malamulo akhoza kusintha iwe uli pakati pa ntchito. A Mega Crit anasamutsa gemu yawo ya Slay the Spire 2 kuchoka ku Unity kupita ku Godot chifukwa cha nkhani yomweyi. Godot ili pa layisensi ya MIT, palibe amene angakulipiritse gawo la phindu, pomwe Unreal amatenga 5 peresenti gemu ikadutsa madola 1 miliyoni. Ambiri a inu simudzafika pa miliyoni imeneyo ndi gemu yoyamba, nde musasankhe injini chifukwa cha mantha amenewo okha, koma werengani, mudziwe chimene mwasaina.

Tsopano asing'anga a masiku ano, awa ogulitsa makosi oti AI ikupangirani gemu yonse Loweruka limodzi. Ine AI ndimaigwiritsa ntchito, imandilembera tizidutswa ta code totopetsa, imandithandiza kusaka pamene ndalakwitsa. Koma ndaona mapulojekiti amene mwini wake sangafotokoze mzere ndi umodzi womwe, zimayenda bwinobwino mpaka tsiku limene save ikuwonongeka pa level 7 pokha, nde amafunsa AI yomweyo, imakonza apa nkuthyola apo, masabata nkumapita. Wogulitsa kosi uja nthawi imeneyo sakuyankhanso mameseji. Muwafunse funso limodzi lokha musanalipire, gemu imene anamaliza nkuitulutsa ndi iti, ili kuti, tikaisewere. Ambiri akuonetsani vidiyo ya masekondi 20 ya nkhalango yokongola, nkhalango imene anangogula pa Fab, msika wa pa intaneti wa zinthu zoika m'gemu, nkuyendetsamo kamera. Komanso dziwani kuti kuyambira January 2024 Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, imafuna kuti munene ngati mwagwiritsa ntchito AI popanga zinthu za m'gemu, ndipo zimalembedwa pa tsamba la gemuyo anthu nkumaona.

Gemu ya Balatro, imene anthu anapenga nayo mu 2024, inapangidwa ndi munthu mmodzi pa LÖVE, kachida kakang'ono kogwiritsa ntchito chilankhulo cha code cha Lua, kopanda Nanite kapena Lumen. Stardew Valley Eric Barone anailemba yekha mu C# kwa zaka zoposa zinayi nkuitulutsa mu 2016. Sindikunena kuti nonse mupange za 2D, ngati gemu yanu ikufunadi mapanga owala ndipo osewera anu ali ndi makina ake, tengani Unreal 5, nane ndingatenge yomweyo. Ndikungoti poyamba pangani ndi mabokosi otuwa, mupatse munthu amene sakukudziwani, inu mukhale chete osamuuza batani lililonse, muone ngati apempha kubwereza. Mukatero iikeni pa kompyuta yofooka kwambiri imene mukufuna kuti idzayendepo, sabata ino, pulojekiti idakali yaing'ono, muwerenge ma millisecond aja. Akakhala bwino nde mubwere tikambirane za injini.